Mtsinje Umene Ndinaujambula Pansi pa Mtambo

Nkhani iyi yonse sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga anapita osamva chiyambi chake. Ana anga amadziwa kuti ntchito ya ku Indianapolis ndinaisiya chifukwa maso anayamba kutopa. Ndine ndinawauza choncho. Maso anali atayambadi kutopa, koma si chimene chinandichotsa pampando uja.

Ndili wachinyamata ndinkagwira ntchito kwa anthu oyeza malo. Sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ntchito yanga inali kunyamula sitafu, ndodo yaitali ija yolembedwa manambala, n'kukaiimika pomwe andiuza. Bwana wathu anali bambo Nyirenda, munthu wa ku Rumphi, wamfupi, wosadziwa kukalipa. Iwo ankaima patali, n'kusuzumira m'makina awo, n'kuwerenga nambala pa ndodo yanga. Nambala imeneyo ndiyo inkawauza ngati nthaka yakwera kapena yatsika. Ndi iwowo amene anandikankhira ku sukulu ya kwacha ndili kale ndi ana awiri.

"Iwe, tsiku lonse umasenza manambala osawadziwa," ankatero. "Ukusiyana chiyani ndi bulu wosenza mabuku?"

Chaka china tinkayeza dambo lalikulu kumbali ya Chilwa, komwe ankafuna kugawa minda ndi malo omangapo. Bango linali lotalika kuposa munthu, madzi olekeza m'ntchafu, misundu yosaneneka. Lamulo la sitafu ndi limodzi: iponde pansi penipeni. Koma bambo Nyirenda ankangoona kumtunda kwa ndodo, kotulukira pamwamba pa bango. Pofika tsiku lachitatu miyendo yanga inali zilonda zokhazokha. Ndinayamba kukwera pa zitsinde za udzu, ndodo n'kumaiimika pachitsinde pomwepo. Ndinachita zimenezo masana onse, iwo akulemba m'buku.

Mapu anatuluka akuonetsa kuti mbali imeneyo ndi yokwera. Anthu anamanga. Mvula ya chaka chachiwiri, madzi analowa m'nyumba, nkhokwe zinagwa, mbuzi zinapita. Palibe anafa. Atabwera ena kudzayezanso, anapeza kuti manambala ndi olakwika, ndipo wolemba manambalawo anali bambo Nyirenda. Anawachotsa ntchito. Ndine ndinawanyamulira sutikesi mpaka pa basi.

"Sukulu usasiye," anatero akukwera.

"Muyende bwino, bwana," ndinayankha. Mawu anga anali omwewo basi.

Sukulu sindinasiye. Nditatha ya kwacha ndinalowa ya madzulo, kukhala benchi limodzi ndi anthu a msinkhu wa adzukulu a mchimwene wanga. Patapita zaka anandilowetsa mu ofesi yojambulira, ndipo ndinakhala wokopera mapu ndi inki mpaka kupuma ntchito. Dzanja langa linkatamandidwa. Nditapuma ndinakwera basi kupita ku Rumphi ndi mawu okonzeka m'kamwa. Ndinapeza atamwalira zaka zinayi zapitazo. Ndinapepesa maliro kwa mayi a pakhomo, ndinamwa tiyi, n'kubwerera.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wanga Tadala, yemwe ndi namwino ku South Bend, ku Amereka, anandikonzera mapepala oti ndipite kumeneko. Ndinanyamuka ndi jekete limene ndinkaliona ngati lochindikala kwambiri. Titatuluka pabwalo la ndege ku Chicago mphepo inalidutsa ngati neti ya udzudzu. Miyezi yoyamba ndinangokhala pawindo kuonera sinowo. Adzukulu ndikawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankandimva bwinobwino, koma yankho linkabwera m'Chizungu chothamanga. Kenako ndinapeza ntchito yochapa ndi kupinda nsalu kunyumba yosungirako okalamba. Ena mwa okalambawo anali ang'ono kwa ine. Sindinadandaule, ntchito ndi ntchito, ndipo nyumba ya mchemwali wanga kumudzi inafoleredwa malata ndi nsalu zomwezo.

Chimene chinasintha zinthu ndi ukwati wa Amalawi ku Indianapolis. Titatuluka m'tchalitchi, anthu ochokera ku South Bend sankadziwa njira ya ku holo. Ine ndinali nditadutsako m'mawa ndi mkamwini. Ndinatembenuza pulogalamu, n'kujambula misewu, mlatho, njanji, kamuvi koloza kumpoto, ndi mayina m'zilembo zoima bwino. Pepala lija linayenda m'manja mpaka linafika kwa mayi wina wachitsikana wovala magalasi.

"Wajambula izi ndani?" anafunsa mokweza.

Anthu analoza ine.

"Ankolo, dzanja ili munalitenga kuti? Ili si dzanja lopinda mabulangete."

Ameneyo anali Chikondi. Anaphunzira za mapu kuyunivesite komweko, ndipo ankagwira ntchito pakampani ina yaing'ono yojambula mapu. Lero akuyang'anira chipinda chonse chojambulira pakampani yomweyo, koma nthawiyo anali wochekinga chabe: ena akajambula, iye ankaunika n'kusayina. Anakandinenerera kwa bwana wamkulu, mayi wachizungu dzina lake Donna, ndipo Donnayo anandilemba ntchito kuti ndizisikana zithunzi ndi kuzisanja m'mabokosi.

Ndinasamukira ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, m'kanyumba ka zipinda ziwiri ndi a Phiri, bambo wa ku Kasungu amene ankasamalira odwala. Ine galimoto sindinaphunzire, choncho a Phiri ankanditula kuntchito m'mawa uliwonse pa galimoto yawo yotsokomola, akundinena njira yonse.

"Madala, munthu wojambula misewu ya dziko lonse koma osatha kudiraiva. Mukadzafa mudzakwera lifiti ya ndani?"

"Ya inu nomwe. Mudzatsogola ndinu, ndi mafuta a nkhuku mumadyawa."

Tinkaphika mosinthana, tinkametana tsitsi, ndipo tsiku limene ndinaterereka pa ayezi ndi iwo anandisenza ngati mwana. Anthu otere sapezekapezeka.

Kampani yathu inali ndi ntchito yaikulu yojambulanso gombe lakutali la ku Alaska. Ndege inkauluka kumeneko m'chilimwe chawo chachifupi, n'kujambula zithunzi zolowana m'mbali. Ukaika zithunzi ziwiri pakompyuta n'kuvala magalasi apadera, dziko linkadzuka: mapiri ankatumphuka, zigwa n'kulowa pansi. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro Chikondi anandiveka magalasiwo mongocheza. Ndinagwira tebulo, chifukwa ndinaona ngati ndigwa. Pansi panga panali dambo lopanda malire, lopanda mtengo, lopanda mudzi, lopanda ngakhale kanjira ka mbuzi. Timaiwe zikwizikwi ngati zipsera za nthomba. Mitsinje yopindikapindika ngati matumbo. Kumbuyo kwake mapiri akuda okhala ndi sinowo m'makwawa, kutsogolo nyanja yotuwa.

Pakati pa chithunzi pamakhala kadontho kowala kamene umakakweza ndi kukatsitsa ndi gudumu la m'dzanja. Kadonthoko kakaponda pansi, makina amalemba kukwera kwa malowo.

"Katsitseni mpaka kaponde, Ankolo," anatero Chikondi. "Ambiri amakasiya pamwamba pa udzu, osadziwa."

Ndinakatsitsa. Kanafika pamwamba pa udzu, ine n'kupitiriza pang'ono mpaka ndinamva m'mimba mwanga kuti kafika pathope. Chikondi anayang'ana nambala, anayang'ana ine, n'kupita kukaitana Donna.

Umu ndi mmene ndinakhalira wojambula mapu a dziko limene sindinalipondepo, ndili ndi imvi mutu wonse. Kompyuta inandivuta miyezi ingapo, sindibisa. Koma dambo silinandivute. Anzanga a madigiri ankasokoneza madzi oima ndi udzu wonyowa, chifukwa pachithunzi zonse zimada. Ine ndinkadziwa kuti thope limada mwa mtundu wake, kuti pamene udzu wagona mbali imodzi pansi pake madzi akuyenda, kuti mtsinje ukasiya njira yakale umasiya kachizindikiro konga kachigamba. Zimenezi ndinaziphunzira ndi miyendo. Ankabwera patebulo langa atanyamula khofi wawo kudzafunsa, ndipo mawu akuti dambo analowa mu ofesi monse. Ngakhale Donna ankawatchula, mokhotakhota.

Mapiri ndinkawakonda mwa njira ina. Kumeneko umayendetsa kadontho mozungulira phiri osakweza osatsitsa, ngati munthu wolima akalozera m'munda wotsetsereka, kenako n'kukwera pang'ono, n'kuzunguliranso. Pofika madzulo phiri lathunthu laima papepala, lopangidwa ndi mizere yako. Ndinkatuluka mu ofesi khosi likuwawa, mtima uli mbee.

Masamba ena a mapuwo ndinabwera nawo kuno kumudzi. Abale anayembekezera kuti ndibwera ndi galimoto. Nditawatambasulira pamkeka, mlamu wanga anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Nanga anthu ake ali kuti?" Ana a mchemwali wanga, amene ndinawasiya akuthamangira kudzandilandira chikwama, anangosuzumira n'kubwerera ku mafoni awo. Sindiwaimba mlandu. Koma ine ndikawatambasula ndekha ndimadziwa kuti phiri ili ndinalizungulira ine, nyanja iyi ndinaitsata ine, ndipo woyendetsa ndege kapena mlenje wa kumeneko akawadalira sasochera. Kupatula tsamba limodzi.

Pantchitoyo panali lamulo lina. Ngati mtambo wabisa pansi, sujambula mzere wathunthu. Umajambula wodukizadukiza, kutanthauza kuti apa sindinaone, ndangoganizira. Ngati malowo ndi ofunika, monga pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, tsamba lonse limaima mpaka apeze zithunzi zina. Masamba anga ankadziwika kuti sabwerera kudzakonzedwa. Chikondi ankanyadira zimenezi pamaso pa azungu, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kumangowadutsa mwachangu.

"A Ankolo sindiwachekinga, ndimangowasilira," ankatero.

Mzungu wina wojambula nafe, dzina lake Rick, anasiya ntchito mwadzidzidzi tsamba lake la kugombe lisanathe. Inali sabata yomaliza yopereka ntchito. Ndinakhala patebulo lake kuti ndimalize, ndipo makina ankalemba nambala ya tebulo, osati dzina la munthu. M'chipwirikiti cha sabata imeneyo palibe amene anasamala kuti patebulopo pakhala ndani. Chotsala chinali mtsinje umodzi. Ndinautsata bwinobwino kuchokera kuphiri, kudutsa dambo lonse, mpaka pafupi ndi nyanja. Pamenepo panali kamtambo koyera, kakang'ono ngati thonje lothothoka, katakhala ndendende pa mathiriro. Zithunzi zonse ziwiri zinali nako.

Ndinakhala ndikukayang'ana. Ndikadukiza mzere, tsamba liima, ntchito yonse ichedwa, ndipo kudzamveka kuti laimira m'manja mwa madala a dambo. Ndinadziuza kuti mitsinje ya m'dambo ndimaidziwa mayendedwe ake. Uwu ukupindira kumanzere, ndiye utulukira apa. Ndinajambula mzere wathunthu, wokongola, kudutsa pansi pa mtambo mpaka m'nyanja. Chikondi anasayina tsiku lomwelo.

Panapita chaka ndi miyezi. Ndinaiwala, kapena ndinene kuti ndinaziika kumene ndinaika zina zija.

Tsiku lina masana ndinaona Chikondi akuitanidwa mu ofesi ya Donna. Anakhalamo nthawi yaitali. Titaweruka ndinamupeza m'galimoto yake panja, injini yosalizidwa, manja ali pachiwongolero. Ndinagogoda pawindo.

"Mwana wanga, kwagwanji?"

"Lowani, Ankolo, kukuzizira."

Anandifotokozera. Anthu atatu owerenga mbalame anali pa kabwato kakang'ono kugombe lija. Mphepo itayamba, anayang'ana mapu athu n'kuthamangira pa mathiriro a mtsinje kuti akabisale. Anapeza thope lokhalokha. Mtsinjewo umathira kutali ndithu, mbali ya kumanja. Madzi ataphwa bwato linatitimira, ndipo anakhala pamenepo, onyowa, mpaka tsiku lotsatira. Mmodzi, mayi wachikulire, anachita kumunyamula pa ndege kupita naye kuchipatala. Anachira. Koma eni ntchito analemba kalata yaukali, ndipo ankafuna kudziwa amene analola tsambalo kutuluka.

"Ndi tsamba la Rick," anatero. "Koma Rick anapita, sitikudziwa n'komwe ali. Siginecha ndi yanga. Ndinayenera kuchekinga zithunzi, sindinachekinge. Mawa naini koloko ndikakumana ndi Donna ndi mwini kampani."

"Akuchita chiyani?"

"Mwina andifaya." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndipo mukudziwa mapepala anga ndi a kampani ino. Akandichotsa, ndiye kuti ine ndi Mphatso tizipakira. Mwana woti Chichewa chake ndi zikomo basi, akayambire kuti ku Ndirande?"

Mphatso anali mwana wake wamkazi, wa sitandade yachiwiri.

 Ndinafunsa nambala ya tsambalo ngakhale ndinkaidziwa. Atanditchulira ndinangogwedeza mutu.

"Musadandaule, Ankolo," anatero, akundisisita pamkono. "Inu zanu zili bwino. Ndawauza kuti masamba anu angawaunike onse, sapezamo kanthu. Mundipempherere basi."

"Uyende bwino, mwana wanga," ndinatero, n'kutsika.

Mawu amenewo atangotuluka ndinawazindikira. Ndinaima pamalo oimika magalimoto, ndikuyang'ana galimoto yake ikukhota pa geti, ndipo miyendo inayamba kundiyabwa ngati muli misundu.

A Phiri atabwera kudzanditenga anaona nkhope yanga.

"Madala, mwadya chiyani? Kapena azungu akuuzani kuti dambo latha?"

Ndinawauza za Chikondi, za bwato, za msonkhano wa mawa. Za ine sindinanene. Anaimba mluzu.

"Shuwa mtsikana uja? Koma dziko lino! Wolakwa ali phee kwinakwake akudya hambaga, wina n'kumupakiritsa." Tinayenda pang'ono. "Koma inu musakalowerere, mwamva? Ndimakudziwani. Mukayamba zoti ndikamupepesere, akuphatikizani. Msinkhu wanuwu, ndani angakulembeninso ntchito yokhala pampando? Mubwerera kokapinda mabulangete."

"Ndamva."

"Mwamva chiyani? Mwangoti ndamva ngati mwana wa sukulu."

Kunyumba anaphika mpunga ndi nkhuku, ine ndinangotola pang'ono. Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo ndinaziyeza zonse. Mpando uja ndinaupeza mochedwa, nditadutsa njira yaitali kuposa aliyense mu ofesimo. Ndinkaukonda. Ndinkakonda kumva azungu akunena kuti kafunseni madala. Tadala ankauza anzake kutchalitchi kuti adadi amajambula mapu a Amereka. Palibe makina, palibe pepala, palibe munthu akanandiloza. Ndipo ndinkadziwanso, kuposa munthu wina aliyense, mmene zimakhalira ukangokhala chete: palibe chimachitika. Umadya, umagona, umakwezedwa pantchito, anthu n'kumatamanda dzanja lako zaka makumi atatu.

Tikutsuka mbale ndinati, "A Phiri, mawa munditule seveni koloko."

"Seveni? Mukukatsegula ndinu geti?"

"Pali chithunzi ndikufuna ndikachipeze."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mbale ikudontha m'manja.  M'mawa ndinawapeza atadzuka kale, atandisitira shati yoyera imene ndinkavala kutchalitchi.

Mu ofesi munali woyeretsa yekha. Mabokosi a zithunzi ndinali nditawasanja ndekha, choncho sindinavutike. Ndinatulutsa ziwiri zija, n'kupulinta tsamba la mapu, n'kukhala pabenchi la pakhomo pa Donna, zonse zili pamiyendo. Donna anafika hafu eyiti, makiyi m'manja. Atandiona anadabwa, n'kunditsegulira.

Ndisanalowe ndinamva nsapato m'khonde. Anali Chikondi, atavala suti yakuda, maso otupa, atanyamula faelo.

"Ankolo, mukutani kuno? Ndinati mundipempherere, sindinati mubwere."

"Khala pabenchipa," ndinamuuza. "Ndayamba ine kufika."

Ndinalowa, n'kutseka chitseko. Donna anandilozera mpando koma sindinakhale. Ndinayala tsamba la mapu patebulo lake, zithunzi ziwiri pambali pake, n'kuika chala changa pa kamtambo kaja. Ndinayankhula pang'onopang'ono, m'Chizungu changa cha kusukulu ya madzulo, kuti pasakhale liwu loti alimve molakwika.

"Mzere uwu sanajambule Rick. Ndinajambula ine. Apa sindinaone chilichonse."